KODI NGWAZI IDZIWIKA PA CAKA CONSE, KAPENA PA TSIKU LIMODZI?

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za mlandu umene sunathe kwathu ku Kabwata, ngakhale papita zaka ndithu ciyambire. Mlanduwo si wa munda kapena wa ukwati ai, koma wa mpira.

Ambiri a inu mukumbukira kuti m'mwezi wa June, caka ca 2019, pa bwalo la Woodlands muno m'Lusaka, timu ya ZESCO United ya ku Ndola inakomana ndi Green Eagles ya ku Choma, kulimbirana ungwazi wa dziko lonse la Zambia. Nthawi inatha popanda wogoletsa, ndipo anapita ku mapenate. ZESCO inalowetsa 3, Green Eagles imodzi yokha. Madzulo ace, tiri kubwerera pansi ku Kabwata, akulu ena amene takhala nao moyandikana zaka zambiri anadandaula njira yonse. Iwo anati ungwazi wa ligi uli ngati nkhokwe, ndipo nkhokwe sidzala tsiku limodzi. Kuupereka cifukwa ca mapenate kuli ngati kugawa munda pocita maere. Mnyamata wina wa pasukulu, amene anali nafe, anawayankha mwaulemu kuti timu yoopa tsiku lalikulu siyenera kuchedwa ngwazi. Kufikira lero, awiriwa akakomana pamsika nkhani ikhala yomweyo.

Nanga ndani mwa iwo anena zoona? Kuti tiyankhe bwino, ndikupemphani kuti muyende nane ulendo wautali, kunka ku makoleji a ku America, kumene akhala akupeza ngwazi zao ndi masewera a tsiku limodzi kwa zaka zoposa 60. Masewera ao ndi acilendo kwa ife, pakuti dziko lathu liribe cisanu cokwanira. Koma funso lao ndi lathu lomwe. Tikatha kuona za kumeneko, tidzabwerera ku Woodlands.

NJIRA ZIWIRI

Poyamba tiyeni tisiyanitse njira ziwiri zopezera wopambana. Yoyamba ndiyo ligi. Timu iri yonse isewera ndi inzace iri yonse, kamodzi kwao ndi kamodzi kwa eni, ndipo alembi awerenga mapointi kufikira nyengo itatha. Njira iyi ifanana ndi ulimi: wolawirira kumunda m'mawa uli wonse ndiye adzakolola, ndipo kudwala tsiku limodzi sikuononga dzinthu. Ligi ya dziko lino inayamba m'caka ca 1962, ndipo oyamba kuitenga anali Roan United a ku Luanshya. M'caka ca ufulu, ca 1964, inabwera kuno kwathu ndi City of Lusaka, eni bwalo la Woodlands.

Njira yaciwiri ndiyo ya cikho, kapena kuti mpikisano wocotsana. Pamenepa palibe mapointi. Wogonja anyamula nsapato zace napita kwao, wopambana apitirira, kufikira atsala awiri okha. Njira iyi ifanana ndi uzimba: munthu angakhale mlenje wodziwa, koma akaphonya nyama pamene yatulukira, nyamayo sibweranso kudzamdikira. Makolo athu anaidziwa njira imeneyi m'masewera a Castle Cup, cikho cimene pambuyo pace cinachedwa Independence Cup, ndiponso Mosi Cup.

Kwathu kuno njira ziwirizi kawiri-kawiri ziyenda padera-padera, monga njanji ndi mseu: wotenga ligi ndiye ngwazi, wotenga cikho ali ndi ulemu wace wina. Koma a ku America azilumikiza pamodzi. Kwa iwo nyengo yonse ya ligi ndiyo njira yofikira ku mpikisano wocotsana, umene ucitika pakutha pa nyengo, pakati pa matimu omwe aja anali kusewera m'ligimo.

MPIRA WA PA MADZI OUNDANA

Masewera amene ndinena achedwa hoke. Ena a inu munaona hoke ya pa udzu ku sukulu. Iyi ndi mbale wace, koma iseweredwa pa madzi oundana. Ku Canada ndi kumpoto kwa United States, m'miyezi ya cisanu kuzizira kotero kuti nyanja ndi mitsinje ziuma pamwamba, nizikhala ngati mwala wosalala, ndipo ana asewera pamenepo monga ana athu asewera pa fumbi. Matimu akulu asewera m'nyumba zazikulu, m'mene makina aziziritsa pansi monga m'firiji. Masewera oyamba olongosoka a m'nyumba anacitika mu mzinda wa Montreal pa 3 March 1875, ndipo ena mwa osewerawo anali ophunzira a pa McGill. Cotero ana a sukulu akhala m'masewera awa kuyambira pa ciyambi.

Bwalo lace ndi la mapazi 200 m'litali ndi mapazi 85 m'mimba, ndiko kunena mamita 61 ndi 26, ndipo lazingidwa ndi mpanda wofika m'cuuno. Osewera abvala nsapato zokhala ndi citsulo conga mpeni kunsi kwace, natsetsereka ndi liwiro longa la njinga yotsika phiri. Mpira wao si wobulungira ai. Ndi kacidutswa ka mphira wolimba, kooneka ngati kacitini ka polishi wa nsapato, ka mainci 3 m'mimba ndi inci imodzi kucindikala kwace. Ndipo akamenya ndi ndodo zazitali zokhota kumapeto. Mbali iri yonse ikhala ndi anthu 6 m'bwalo, kuwerenga wapagolo yemwe. Popeza liwiro lotere litopetsa msanga, osewera asinthana pafupi-fupi miniti iri yonse, masewera ali m'kati. Asewera zigawo 3 za maminiti 20. Wocita zaciwawa sapitikitsidwa konse monga kwathu, koma kawiri-kawiri akakhala m'kandende ka pambali pa bwalo maminiti 2, ndipo anzace abvutika operewera.

Cinthu cimodzi ndifuna kuti mucisunge m'mtima, pakuti tidzacifuna kutsogolo. Golo la hoke ndi laling'ono, mapazi 6 m'mimba ndi mapazi 4 msinkhu, ndipo wapagolo abvala zochinjiriza zazikulu thupi lonse, kotero kuti atseka mbali yaikulu ya golo. Cifukwa cace munthu mmodzi ameneyu, likamkomera tsiku, angathe kuimitsa timu yamphamvu imene yamenya mpira kwa iye usiku wonse.

MABUNGWE A MAKOLEJI

Makoleji a ku United States amene asewera hoke ya amuna m'gulu lapamwamba apitirira 60. Dzikolo ndi lalikulu ndithu, ndipo osewerawo ndi ana a sukulu, oyenera kukhala m'kalasi Lolemba m'mawa. Cotero sikutheka kuti onse akomane ndi onse. Cifukwa ca ici anagawikana m'mabungwe, makamaka monga mwa kuyandikana kwao, ndipo bungwe liri lonse liri ndi ligi yace. M'caka ca 2023 mabungwe otere anali 6.

Kuti tisasokonezeke, nditenga bungwe limodzi lokha, lochedwa ECAC Hockey, la makoleji 12 a kumpoto ca kum'mawa kwa dzikolo. Ena ndi masukulu akale omveka pa dziko lonse: Harvard, Yale, Princeton, Cornell, Brown ndi Dartmouth. Ena samveka kwambiri kuno kwathu: Clarkson, St. Lawrence, Colgate, Union, Rensselaer ndi Quinnipiac. Nyengo iyamba m'October. Timu iri yonse isewera masewera 22 a m'bungwe, ndiko kukomana ndi anzace 11 kawiri-kawiri, ndipo pofika kumapeto kwa February kapena kuciyambi kwa March mndandanda wa mapointi utsekedwa. Wokhala pamwamba alandira cikho cochedwa Cleary Cup. Kukadakhala kwathu, nkhani ikadathera pomwepo, ndipo akulu aja a ku Kabwata akadakondwa. Koma kumeneko ndi pamene nkhondo yeni-yeni iyamba.

M'MENE MPIKISANO UYENDERA

Mpikisano wocotsana wa bungwe ili unayamba m'caka ca 1962, caka comwe cija ligi yathu inabadwa. Malamulo ace asintha nthawi zingapo. Ine ndikuuzani monga anali m'caka ca 2023.

Matimu onse 12 alowa, ngakhale ya kumcira. Koma salowera khomo limodzi. Matimu 4 a pamwamba apumula sabata loyamba. Otsala 8 akomana motere: ya nambala 5 ndi ya nambala 12, ya 6 ndi ya 11, ya 7 ndi ya 10, ya 8 ndi ya 9, masewera amodzi okha, pa bwalo la timu imene inali pamwamba. Opambana 4 apita kukacezera aja anapumula, ndipo timu yoyamba m'ligi ipatsidwa mlendo wotsika koposa mwa otsalawo. Pa ndime iyi asewera kufikira wina atapambana kawiri: Lacisanu ndi Loweruka, ndipo akagawana, abwereza kacitatu tsiku la Sabata. Masewera onsewa acitika kwa eni a pamwamba, pamaso pa ophunzira anzao.

Onani tsono kuti thukuta la m'ligi silitayika. Timu imene inalimbikira nyengo yonse igula nalo zinthu zitatu: mpumulo wocira nao mabala, bwalo la kwao, ndi mdani wocepa mphamvu. Imene inacita ulesi ilandira ulendo, kutopa, ndi mdani woopsa.

Matimu 4 otsala apita ku malo a pakati, kumene kulibe mwini mudzi. M'zaka za 1993 kufikira 2002, ndiponso kuyambira 2014 kupatula nthawi ya mliri wa korona, malowo anali Lake Placid, kamudzi ka m'mapiri a m'cigawo ca New York, kamene kanalandira masewera a Olympic a nyengo yacisanu m'caka ca 1932 ndi ca 1980. M'nyumba yomweyo ndi m'mene anyamata a m'makoleji a ku America anagonjetsa akatswiri a Soviet Union ndi zigoli 4 kwa 3 m'caka ca 1980. Kumeneko kulibenso kubwereza: Lacisanu awiri agwa, Loweruka mmodzi anyamula cikho cochedwa Whitelaw Cup.

Koma mphotho yaikulu si cikho cokha ai. Pambuyo pa mabungwe pali mpikisano wa dziko lonse, umene unayamba m'caka ca 1948, ndipo kuyambira 2003 ulandira matimu 16. Makomo olowera kumeneko ndi awiri. Wopambana mpikisano wocotsana wa bungwe lace alowa popanda funso, angakhale anali wotani m'ligi. M'caka ca 2023 malo 6 anapita motere. Malo 10 otsala apatsidwa kwa matimu amene anacita bwino koposa pa nyengo yonse, monga mwa masamu oyerekeza zotsatira za onse. Khomo lina ndi la mlenje, lina ndi la mlimi.

ZIMENE ZINAONEKA M'CAKA CA 2023

Caka cimeneco ciphunzitsa bwino koposa mau anga. Timu ya Quinnipiac inapambana masewera 20 mwa 22 a m'bungwe, nitenga ligi popanda wotsutsa. Timu ya Colgate inathera pa nambala 5, kotero kuti khomo la masamu linali lotsekeka kwa iyo. Ziwirizi zinakomana ku Lake Placid Lacisanu. Nthawi inatha ziri ndi cigoli cimodzi-cimodzi, ndipo m'cigawo caciwiri ca nthawi yoonjezera Colgate inagoletsa. M'mawa mwace inagonjetsanso Harvard ndi zigoli 3 kwa 2, ninyamula cikho cimene sinacikhudze ciyambire 1990.

Mnyamata wathu wa pasukulu uja anganene kuti, si izo! Koma imvani mapeto ace. Colgate inalowa mpikisano wa dziko lonse pa khomo la cikho, ndipo pa masewera oyamba inakomana ndi Michigan, nigonja ndi zigoli 11 kwa cimodzi. Quinnipiac, imene inagwa ku Lake Placid, inalowa pa khomo la masamu, nipitirira kufikira masewera otsiriza mu mzinda wa Tampa, kumene inagonjetsa Minnesota ndi zigoli 3 kwa 2, cigoli cotsiriza cikulowa patapita masekondi 10 okha a nthawi yoonjezera. Aka kanali koyamba kuti koleji imeneyo ikhale ngwazi ya dziko lonse. Cotero wamng'ono analandira tsiku lace la cimwemwe, ndipo wamkulu sanatayidwe cifukwa ca usiku umodzi woipa.

Si caka ciri conse cimene wamkulu apunthwa. M'nyengo imene inatha m'caka ca 1970, timu ya Cornell inasewera masewera 29 nipambana onse, m'ligi, m'bungwe ndi m'dziko lonse. Komanso m'caka ca 2018 Princeton, imene inali pa nambala 7, inagwetsa Cornell imene inali yoyamba m'ligi, nitenga cikho. Palibe munthu adziwa za mawa, ndipo ndico cimene cidzaza mipando.

KULIBE MAPENATE

Apa pali cinthu cimene akulu athu aja angakondwe naco. M'mpikisano wocotsana wa makoleji awa mulibe mapenate. Nthawi ikatha matimu ali ofanana, apumula pang'ono, nayamba cigawo cina ca maminiti 20, ndipo woyamba kugoletsa ndiye wapambana pomwepo. Pakapanda wogoletsa ayambanso cina, ndi cina, kufikira wina atagwa. Pa 12 March 2010 Quinnipiac ndi Union anasewera maminiti 150 ndi masekondi 22, ndiko kunena masewera awiri ndi theka usiku umodzi, Quinnipiac nipambana ndi zigoli 3 kwa 2 m'cigawo cacisanu ca nthawi yoonjezera, pakati pa usiku patapita. Koma popeza inali ndime ija yofuna kupambana kawiri, Union inadzuka, nipambana masewera awiri otsatira, nipitirira.

Iwo angathe kucita motere cifukwa osewera ao asinthana miniti iri yonse, ndiponso zigoli zibwera kawiri-kawiri. M'mpira wathu wa miyendo anthu omwewo athamanga maminiti 90, ndi ena 30 pamwamba pace; kuwauza kuti apitirire kufikira tambala woyamba ndiko kuwapha. Mapenate ndi mankhwala owawa a nthenda imene mpira wa miyendo uli nayo, ya kusowa kwa zigoli.

UBWINO NDI KUIPA KWACE

Kodi anthu ophunzira awa acitiranji zonsezi? Cifukwa coyamba ndi ciyembekezo. M'ligi wamba, timu imene yagonja kasanu pa ciyambi idziwa kuti caka catha, ndipo osewera ataya mtima, oonerera naleka kubwera. Koma kumene kuli mpikisano wa pamapeto, ngakhale wa nambala 9 alimbikira kuti afike pa 8, akasewerere kwao. Ndipo timu ya anyamata atsopano, imene inayamba mopunduka nidzolowerana pambuyo, ipeza mwai wa kuonetsa cimene yakhala. Cifukwa caciwiri ndi ndalama, pakuti masewera a wafa-wafa akoka anthu ambiri koposa masewera wamba, ndipo a wailesi ya kanema awafuna. Cacitatu ndi ici: wophunzira akhala pa koleji zaka zowerengeka, kawiri-kawiri 4. Kwa iye amene ali m'caka cotsiriza, kugonja usiku umenewo ndiko kubvula malaya a timu yace kotsiriza. Ambiri a iwo sadzaseweranso pamaso pa khamu, koma adzakhala madokotala, aphunzitsi ndi a malonda. Munthu wotere asewera ndi mtima wace wonse.

Kuipa kwace kuliponso, ndipo sindikubisirani. Kumbukirani wapagolo uja. Masewera amodzi angathe kutsata mwai, kapena mpira wogunda nsapato ya munthu nulowa, kapena cimfine cogwira osewera atatu sabata lomwelo. Ndiponso pali mabungwe ena ofooka amene kawiri-kawiri atumiza timu imodzi yokha ku mpikisano wa dziko lonse, pakuti masamu sawakomera. M'mabungwe otere khomo la mlimi kulibe. Timu ingatsogole miyezi 5 nitaya zonse usiku umodzi. Pamenepo dandaulo la akulu athu liri loona kotheratu.

TIBWERERE KU WOODLANDS

Tsono tiyeni tione mlandu wathu ndi maso atsopano. Kale ligi ya Zambia inali kuyamba ca m'March ndi kutha cakumapeto kwa caka. Pamene bungwe la mpira la Africa linasintha nyengo ya mipikisano yace, dziko lathu linafuna kuti ligi idziyamba m'August. Ndipo kuti miyezi ya pakati isapite cabe, anakonza nyengo yaifupi, ya January kufikira June 2019. Nthawi inacepa kuti matimu 20 akomane onse kawiri, cotero anawagawa m'magulu awiri a matimu 10, ndipo timu iri yonse inasewera masewera 18. ZESCO United inatsogola gulu lina, Green Eagles linzace.

Apa ndi pamene akulu aja anaiwala kanthu. Matimu awiriwa analima minda yosiyana. M'ligi ya caka cimeneco sanakomane, ndipo adani ao anali osiyana. Mapointi a gulu lina sakadayesedwa ndi a linzace, monga sitiyesa dengu la cimanga ndi dengu la mtedza. Ndi bvuto lomwe lija la makoleji a ku America, kumene onse sangathe kukomana ndi onse. Popanda masewera a ku Woodlands, dziko likadakhala ndi ngwazi ziwiri, kapena likadasowa ngwazi. Ndiponso khomo laciwiri linalipo: matimu onse awiri anapita ku mpikisano waukulu wa makalabu a mu Africa, ndipo m'August caka comweco Green Eagles inacotsa Orlando Pirates ya ku South Africa. Cimene cinasowa ndi kubwereza. Akadasewera ku Ndola ndi ku Choma, mwai ukadacepa mphamvu, ndipo pa mau awa ndibvomerezana ndi akuluwo.

Koma tisanatukwane masewera a tsiku limodzi, tikumbukire zimene atipatsa ife eni. Pa 12 February 2012, mu mzinda wa Libreville, Zambia inatenga cikho ca Africa pa mapenate, 8 kwa 7. Ivory Coast inafika tsiku limenelo itapambana masewera ace onse 5, ndipo m'mpikisano wonse palibe anaigoletsa m'kati mwa masewera. Ife tinalepherana ndi Libya m'gulu. Pakadawerengedwa mapointi, cikho cikadapita ku Abidjan. Ine sindinamvepo munthu wa ku Kabwata, ngakhale akulu aja, akunena kuti ticibweze.

Ngakhale m'hoke momwe dziko lathu liri ndi umboni. Madzi oundana tiribe, koma bwalo la hoke tiri nalo pa Olympic Youth Development Centre muno m'Lusaka, malo amene anatsegulidwa m'caka ca 2010. M'caka ca 2018 anyamata a Zambia anapita ku masewera a Olympic a acinyamata ku Buenos Aires, kukasewera hoke ya anthu 5 mbali iri yonse. Sanatsogole m'gulu lao, koma analowa ndime yocotsana, nakomana ndi Australia, imene inatenga mendulo ya golidi m'caka ca 2014. Ndipo anaigonjetsa ndi zigoli 6 kwa 4. Pambuyo pace anagonja kwa Malaysia ndi Argentina, nathera pa nambala 4 mwa maiko 12. Dziko losauka silingathe kupambana Australia caka conse, koma madzulo amodzi linatero.

MAU KWA OKONZA MASEWERA

Yankho langa tsono ndi ili: onse awiri anena zoona, koma ayesa zinthu zosiyana. Ligi iyesa khama ndi kupirira; mpikisano wocotsana uyesa kulimba mtima pa ora limene kulibe mawa. Mtundu ufuna anthu a makhalidwe onse awiri, ndipo mwana wa sukulu adziwa kale zimenezi, pakuti aphunzira caka conse koma mayeso alemba tsiku limodzi.

Inu aphunzitsi, ndi inu akulu a mipingo ndi a makalabu amene mukonza mpira wa ana ku Kabwata, ku Chelstone, ku Kabulonga ndi kwina konse, mukafuna kulumikiza njira ziwirizi, tengani maphunziro atatu kwa anzathu a ku madzi oundana. Loyamba, lembani malamulo nyengo isanayambe, ndipo muwawerenge pamaso pa onse. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndeu zambiri za m'mabwalo athu zibadwa pamene lamulo la mapenate lituluka m'thumba la woimbira dzuwa litalowa. Laciwiri, wolimbikira m'ligi alandire mphotho yace yooneka: cikho cace-cace, bwalo la kwao, ndi mdani wocepa pa ndime yoyamba. Lacitatu, wa kumcira musamtsekere kunja, pakuti mwana amene adziwa kuti khomo likali lotseguka abwera ku maphunziro a mpira kufikira sabata lotsiriza, m'malo mwa kuyenda-yenda pamsika.

Akulu anga aja ndi mnyamata uja ndikhulupira ali pafupi ndi wailesi madzulo ano, ndipo ndidziwa kuti mawa adzandiimitsa pa mseu wa Burma, yense kunena kuti ndamkondera mnzace. Inunso amene muli ndi maganizo pa nkhani iyi, lembani kalata kuno ku nyumba ya wailesi, ndipo tidzawerenga ena a makalata anu.